Makina adafika, chipinda chidatsalira

Pamene ife tinkakula kuno ku Ntcheu, kujambula nyimbo unali ulendo wokonzekera miyezi. Kwaya inkasonkha ndalama, ena kugulitsa mbatatesi, ena nkhuku, kenaka n'kukwera basi ya ku Blantyre kukagogoda ku MBC ku Chichiri. Wailesiyi idayamba mu 1964 ndipo kufikira nthawi ya matipate inali yokhayo m'dziko muno, choncho amene mawu ake amveka pamenepo mudzi wonse unkamuloza. Kenaka mtunda udafupika pamene Paul Banda wa Alleluya Band adatsegula situdiyo ya Imbirani Yahwe ku Balaka, pafupi nafe pompa. Makaseti ankakagulitsidwa kwa O.G. Issa ku Limbe. Ngakhale zinali choncho, mng'ono wa Paul, Lucius Banda, adakajambulira ku South Africa chimbale chake choyamba, Son of a Poor Man, chomwe chidatuluka mu 1994.

Lero mnyamata wa pa Kampepuza kapena pa Lizulu akapeza laputopu yakale, maikolofoni imodzi ndi pulogalamu ya FL Studio, basi situdiyo yatheka. Nyimbo yoimbidwa m'mawa imafika kwa abale ku Johannesburg pa WhatsApp dzuwa lisanalowe. Ine ndimakondwera nazo, chifukwa luso lambiri lidafera m'midzi kaamba kosowa ya basi. Koma nyimbo zambiri za anyamatawa zimamveka ngati woimbayo ali m'chitsime. Iwo amadandaula maikolofoni, pomwe vuto ndi chipinda. M'masitudiyo akale tinkangoona matepi ndi mabatani, osadziwa kuti makoma omwewo adawamanga mwadala kuti azimeza mawu. Makina adatitsatira kumudzi, makomawo adatsala m'tauni.

Pa zaka zomwezi nyumba zathu nazo zidasintha. Ya agogo inali ya dothi, yozira pansi, yofolera ndi udzu. Udzu wokhuthala umameza mawu, ndipo mvula ikamagwa m'katimo mumamvana bwinobwino. Ife tidamanga za njerwa zootcha, pansi simenti, pamwamba malata opanda siling'i. N'zolimba ndithu, koma chilichonse m'menemo chimabweza mawu. Mawu akachoka pakamwa amagunda khoma, n'kubwerera ku khoma linzake, ndipo maikolofoni imatola onsewo pamodzi ndi enieni aja. Ombani m'manja kamodzi m'chipinda chopanda katundu, mumva kulira kotsalira m'mbuyo.

Mwana wa mlongo wanga ali ndi situdiyo yotere kuseri kwa golosale. Nditamuyendera ndidapeza makoma onse atamata matileyi a mazira. "Amalume, situdiyo iliyonse imakhala chonchi," adatero monyadira. Matileyi amakongoletsa chithunzi cha pa Facebook, koma ndi opyapyala kwambiri. Mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi, ndiye funde limodzi la mawu a besi a 100 Hz limapitirira mamita atatu kutalika. Kapepala kamasentimita ochepa sikangaligwire. Kamangochepetsako pang'ono mawu ang'onoang'ono, besi n'kumangoguguda m'makona momwe amakonda kudzazana.

Zomwe zidathandiza tidazipeza m'nyumba ndi pamsika. Kalipentala adakhoma mafelemu a matabwa, akuya ngati masentimita 10, ndipo tidadzazamo majuzi ndi matawulo otsala pa kaunjika, aja osowa wogula, n'kukuta ndi chitenje. Powapachika tidasiya mpata pakati pa felemu ndi khoma, chifukwa mpatawo umawonjezera mphamvu yomeza mawu akuluakulu. Malo owaika tidawapeza ndi kalilole: mnyamatayo atakhala pampando wake, ine ndinkayendetsa kaliloleyo pakhoma, ndipo pomwe waona sipika m'kalilole, pomwepo timaika felemu. M'makona tidaimikamo matilesi akale. Pansi tidayala ziguduli ndi kapeti. Woimba amaima pafupi ndi maikolofoni, motalikira ngati chikhatho chotambasula, kumbuyo kwake kutalendewera bulangete lolemera. Aliyense wodziwa chisanu cha ku Tsangano mu June amvetsa kuti kupereka bulangete ku khoma si nkhani yamasewera. Chenjezo n'lakuti siponji ndi nsalu zimagwira moto msanga, ndiye mawaya akhale olongosoka, ndipo magetsi akathima kandulo isalowe m'menemo.

Pali china chomwe mabulangete sangathe. Kumeza mawu a m'kati n'kosiyana ndi kutsekereza phokoso la kunja. Chigayo, njinga zamoto za kabaza ndi malole a pamsewu wa M1 zimatsekeka ndi zinthu zolemera zokha: khoma lokhuthala, chitseko cha thabwa lenileni, ndi kutseka ming'alu yonse yolowa mphepo. Wopanda ndalama zotere amasankha nthawi. Amajambula usiku kapena m'bandakucha atambala asanayambe, ndipo m'nyengo ya dzinja amayang'ana kumwamba kaye, chifukwa mvula ikatsika pamalata ntchito yaima.

Komanso si nyimbo iliyonse imafuna chipinda chouma mawu. Kwaya imakoma m'tchalitchi chachikulu momwe mawu amatalika n'kulukana. Ngoma ya Angoni, monga imavinidwira pa mwambo wa Umhlangano ku Nkolimbo pamaso pa Inkosi ya Makhosi Gomani, ndi ya pabwalo, pomwe kulibe khoma lobweza kanthu. Kuipanikiza m'kachipinda ka mabulangete n'kuilanda moyo. Wojambula wabwino amadziwa nthawi yotseka chitseko ndi nthawi yonyamula laputopu kupita nayo panja.

Kale chotchinga chinali mtunda ndi ndalama, ndipo zokonza mawu zinali m'manja mwa akatswiri ochepa a m'tauni. Lero woimba ndi yemweyo wojambula, ndi yemweyonso wokonza chipinda, ndiye nzeru ija iyenera kufika pamudzi monga momwe makina adafikira. Anyamata akandifunsa kuti agule maikolofoni iti, ndimawauza kuti yodula imangomva bwino kwambiri zolakwika za chipinda. Ndalamayo ayambe apita nayo kwa kalipentala ndi pa kaunjika. Maikolofoni yomwe ali nayo kale iwadabwitsa.