Mmene Mmisiri Amayesera Zida Zomvetsera Nyimbo m'Nyumba

Mmisiri wolumikiza ndi kuyesa zida zomvetsera nyimbo m'nyumba amagwira ntchito ndi zinthu zinayi zotsatizana, zomwe ndi fayilo imene nyimbo yasungidwamo, chipangizo chotchedwa DAC chimene chimasandutsa manambala a m'fayiloyo kukhala mafunde a magetsi, ampulifaya yowonjezera mphamvu ya mafundewo, ndi masipika amene amagwedeza mpweya kuti khutu limve. Eni nyumba ambiri amafika kwa iye atagamula kale kuti vuto lili mu DAC kapena mu mtundu wa fayilo, pakuti izi n'zimene otsatsa malonda amazitama kwambiri, choncho udindo wake ndi kupeza ndi umboni pamene nyimboyo ikuwonongekera mwini nyumba asanatulutse ndalama.

Maziko a ntchitoyi ndi kudziwa mmene mawu amasandukira manambala. Pojambula, makina amayeza funde la mawu kambirimbiri pa sekondi iliyonse n'kulemba muyezo uliwonse ngati nambala. Chimbale cha CD, chimene makampani a Philips ndi Sony anachitulutsa mu 1982, chimayeza ka 44,100 pa sekondi, ndipo muyezo uliwonse umalembedwa ndi ma bit 16, amene amapereka milingo 65,536. Malinga ndi lamulo la masamu lodziwika ndi mayina a Harry Nyquist ndi Claude Shannon, miyezo imatha kubweza ndendende mawu onse amene kunjenjemera kwake sikufika theka la chiwerengero cha miyezoyo, kutanthauza kuti CD imasunga mawu mpaka pafupifupi ma hertz 22,000, pamene khutu la wachinyamata limalekezera cha pa 20,000 ndipo la munthu wamkulu silifika n'komwe pamenepo. Ma bit 16 amasiya mpata wa madesibelo pafupifupi 96 pakati pa mawu ofuula kwambiri ndi kaphokoso ka pansi, ndipo mpata wotere sutheka kuumva wonse m'chipinda chochezera chimene muli firiji, ana ndi phokoso la mumsewu.

Mitundu ya mafayilo imagawika pawiri. Ina, monga WAV ndi FLAC, imasunga nambala iliyonse, ndipo FLAC, imene inayamba mu 2001, imachepetsa fayilo mpaka cha m'ma theka popanda kutaya kanthu. Ina, monga MP3, imene mbali yake yaikulu inakonzedwa ku Fraunhofer Institute mumzinda wa Erlangen ku Germany, ndi AAC ya mu 1997, imataya mawu amene khutu silingawamve chifukwa chophimbidwa ndi mawu ena amphamvu oyandikana nawo. FLAC ili ngati chitenje chopindidwa chimene chimabwerera chonse chikatambasulidwa, pamene MP3 ndi chitenje chodulidwa m'mbali chimene sichingabwerere pa msinkhu wake. CD imatulutsa ma kilobit 1,411 pa sekondi, MP3 yapamwamba 320, ndipo ya 128 imatsala ndi gawo limodzi chabe mwa magawo 11. Mmisiri amadziwa pofufuzira chilema cha kudulaku, pakuti chimabisala pa mawu a woimba mmodzi koma chimaonekera pa kuwomba m'manja kwa gulu, pa visekese ndi pa zitsulo za ng'oma, zimene zimamveka zosalala ngati zanyowa. Chilemachi chimakula pamene fayilo yodulidwa kale yadulidwanso, monga zimachitikira nyimbo zochotsedwa m'mavidiyo a pa intaneti n'kudzazidwa m'mamemore khadi, ndipo kusandutsa fayilo yotere kukhala FLAC sikubweza chilichonse chimene chinatayika.

DAC imapezeka kale m'foni, m'kompyuta ndi mu TV, ndipo yogula payokha imasiyana ndi zimenezi pa zinthu zitatu. Choyamba ndi wotchi ya m'kati, imene iyenera kutulutsa miyezo pa nthawi yofanana, pakuti ikamapunduka pang'ono pamabwera chilema chimene amisiri amachitcha jitter. Chachiwiri ndi sefa yochotsa mafunde apamwamba obwera chifukwa cha kusanduliza komweko. Chachitatu, chimene chimamveka kawirikawiri kuposa zinazo, ndi mbali yotulutsira mawu, imene mu laputopu yotchipa imatola kulira kwa magetsi a tchaja kapena kulephera kukankha mahedifoni aakulu. Apa DAC yapadera imathandizadi, koma ma DAC awiri opangidwa bwino amakhala ndi zilema zazing'ono kwambiri moti kuwasiyanitsa ndi khutu lokha n'kovuta zedi.

Chifukwa cha ichi, mmisiri wosamala amatsata njira yokhwima poyerekeza zida. Amayamba ndi kulinganiza voliyumu, poseweretsa kamvekedwe kamodzi ka ma hertz 1,000 n'kuyeza ndi mita ya magetsi potulukira mawu mpaka zida ziwirizo zitasiyana mosapitirira desibelo 0.1, chifukwa khutu limamva chida chokwera voliyumu pang'ono ngati chomveka bwino ndi cha besi wonona, ngakhale womverayo sazindikira kuti changokwera. Kenaka amabisa zidazo pogwiritsa ntchito mayeso a ABX, amene David Clark anawafotokoza mu 1982, momwe womvera amamva A, amamva B, kenaka X wosadziwika, n'kunena ngati X ndi A kapena B. Wolondola ka 12 pa maulendo 16 amakhala wasonyeza kuti akumvadi kusiyana, popeza mwayi wofika pamenepo mongolota sufika 4 pa 100.

Njirayi yayesedwa pa mafayilo aakulu kuposa CD, monga a ma bit 24 ndi zimbale za SACD za mu 1999. Mu 2007 Brad Meyer ndi David Moran anafalitsa mu Journal of the Audio Engineering Society zotsatira za mayeso 554 oyerekeza zojambula zotere ndi za mulingo wa CD, mmene omvera analondola ka 276, chimene ndi pafupifupi theka chabe. Mu 2016 Joshua Reiss wa ku Queen Mary University of London, atasonkhanitsa zotsatira za makafukufuku 18, anapeza kuti kusiyana kulipo koma n'kochepa, ndipo kumamveka bwinoko kwa anthu ophunzitsidwa kumvetsera. Mmisiri amawonjezapo chenjezo lakuti zimbale ziwiri za nyimbo imodzi zimatha kusiyana chifukwa zinakonzedwa mosiyana ku situdiyo, kumene ena amapanikiza mawu onse kuti afuule mofanana, choncho musanayerekeze mitundu ya mafayilo muyenera kuwapanga kuchokera ku gwero limodzi.

Malangizo a mmisiri kwa mwini nyumba amatsata kukula kwa chilema chilichonse. Patsogolo pamabwera masipika ndi chipinda, pakuti sipika yokankhidwira pakona imatupitsa besi ndi madesibelo angapo, ndipo pansi pa simenti ndi makoma opanda kanthu zimabweza mawu mpaka woimba samveka bwino, zimene kapeti, makatani ndi kusuntha masipika kuchoka kukhoma zimachepetsa pa mtengo wochepa. Pambuyo pake pamabwera fayilo yochokera ku gwero lodalirika, ndipo DAC imabwera pomalizira, pokhapokha ngati imene ilipo ikulira kapena ikuperewera mphamvu. Mmisiri wolangiza motere nthawi zina amataya mwayi wogulitsa chida chodula, koma amasiya m'nyumbamo nyimbo zomveka monga oimba anazijambulira, ndipo ichi ndicho chimene anamuitanira.