Kupatsa Nkuika

M'dziko la Mfumu Mwase, m'boma la Lundazi, muli mudzi wina umene anthu ace sanaiwale mkulu amene ankamuchula kuti Akumigodi. Mkuluyu anacoka pamudzi ali mnyamata wongotsiriza sukulu, nakagwira nchito ya ukalaliki ku Kitwe kufikira imvi zinamera. Migodi itagulitsidwa kwa eni atsopano mu 2000, iye anali mmodzi wa anthu ambiri amene anapatsidwa ndalama zao nauzidwa kuti akapumule. Ana ace anatsala ku tauni, ndipo iye anabwerera kwao ndi mkazi wace yekha.

Atafika anamanga nyumba ya njerwa ndi malata, naizinga ndi mpanda wautali wokhala ndi citseko cacitsulo. Anyamata a pamudzi ankaseka nati, "Bwana Errol Button anamanga linga lace pa boma, limene linatha mu 1952, ndipo alendo amagonamo, koma m'linga laciwirili mulibe wolowamo." Anzace akamema dima, ndiko kuitana mudzi kudzalima munda wa munthu mmodzi pa mowa kapena thobwa, Akumigodi sanali kupita, popeza munda wao unkalimidwa ndi aganyu. Maliro akagwa, ankatuma mwana ndi ndalama m'mbale, iwo natsala pakhonde ndi wailesi.

Tisafulumire kuwayesa munthu woipa mtima. Ku migodi anazolowera kuti cithandizo ciri conse cimacokera m'ofesi. Nyumba inali ya kampani, cipatala ca kampani, ndipo wina akamwalira ngakhale bokosi linali kucokera komweko, munthu atangolemba dzina pa pepala. Tsono iwo anaganiza kuti kumudzinso munthu wolipira zace alibe mangawa ndi munthu.

Mkazi wao ndiye anali wina. Ngakhale anali mtengwa pamudzipo, analowa Umanyano, bungwe la amai a mpingo wa C.C.A.P., mpingo umene unafika kuno kucokera ku Livingstonia ndipo unakhala ndi sinodi yaceyace ya Zambia mu 1984. Amai a bungweli amazonda odwala, amasesera okalamba, nagona pa maliro akuyimba usiku wonse. Analowanso cilimba ndi akazi anzace, nasonkha ndalama mwezi ndi mwezi, imene inali kupita kwa mmodzi wa iwo mosinthana. Amuna ao ankati, "Amai, kodi mwasowa ciani m'nyumba muno?" Iwo ankangoyankha kuti, "Bambo, kupatsa nkuika."

M'caka ca njala ca 2002, mvula iri mkati, maiyo anadwala masiku owerengeka namwalira usiku. Uthenga utapita kwa nyakwawa, akazi anafika tambala asanalire. Nkhokwe zinali zopanda kanthu caka cimeneco, komabe uyu anadza ndi kambale ka ufa, uyu mtolo wa nkhuni, uyu masamba a maungu, ndipo mpanda uja unadzala ndi nyimbo. Koma dzuwa linakwera osamveka khasu kumanda. Amuna anakhala pansi pa mtengo capatali, ndipo kenaka kunafika kamnyamata konyamula mbale, m'menemo muli tindalama, nikagwada, nikati, "Agogo, adzukulu akuti cipepeso cao ndi ici; iwo lero atanganidwa."

Akumigodi anaizindikira mbaleyo ndi mau ace omwe. Anabvula cisoti, napita kwa nyakwawa, nakhala pansi pa dothi monga mwana wopalamula. Nyakwawa inati, "Akulu, ndalama zanu tinkalandira, ndipo tinkathokoza. Koma ndalama sikumba manda, sinyamula citanda, sikhala ndi wofedwa usiku. Lero tikumba cifukwa ca amai agona m'nyumbamo, amene anatunga madzi pa maliro onse a mudzi uno. Za tsiku lanu mudziganizire nokha." Anapereka mbuzi ya cipepeso, ndipo adzukulu ananyamula makasu.

Anthu atabalalika, mkuluyo anaona cimene mpanda uli. Masiku anali kupita osamva liu la munthu, koma amai a Umanyano okha, amene ankabwera awiriawiri kudzasesa ndi kupemphera, ndi akatolika a mphakati wa pamudzipo, amene sanafunse za mpingo wace pobwera kudzamtonthoza. Maliro ena atagwa, anthu anadabwa kuona Akumigodi alikudza ndi khasu paphewa. Manja ao ofewa anacita matuza asanakumbe kufika m'maondo, ndipo anyamata anawalanda khasulo mwaulemu, nawakhazika pamthunzi pamodzi ndi akulu anzao. Kuyambira tsikulo citseko cacitsulo cinakhala cotsegula.

Posacedwa mudzi unapeza kuti mchona uja anali ndi khasu lina limene ena analibe, ndilo colembera. Caka comweco ca 2002 Boma linayamba kugulitsa feteleza wotsika mtengo kwa alimi ang'onoang'ono, koma wolandira anayenera kukhala m'kopaletivu yolembedwa bwino m'mabuku. Anthu anasowa mlembi wodziwa kudzaza mapepala ndi kusunga ciwerengero, ndipo anasankha Akumigodi. Mu 2003 bungwe la COMACO linayamba nchito yace ku Lundazi, kusonkhanitsa alimi m'timagulu, kuwaphunzitsa ulimi wosunga nthaka, ndi kugula mtedza, mpunga ndi uci wao, kuti osaka nyama m'cigwa ca Luangwa atule mfuti ndi misampha napeze cakudya m'munda. Kumenekonso wolowa anali kulowa pamodzi ndi anzace, osati payekha.

Pambuyo pace kunadza banki ya m'mudzi, njira imene bungwe la CARE linayamba ndi akazi a ku Niger mu 1991. Anthu odziwana amasonkhana pa tsiku loikika, yense nagula magawo monga akhoza. Ndalamazo amabwerekana ndi ciongoladzanja, ndipo pakutha pa caka amagawana zonse monga mwa magawo a munthu. Bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi ace kwa anthu atatu, kuti lisatsegulidwe koma pamaso pa onse. Pambali pamakhala kathumba ka ngozi, kothandiza wodwala kapena wofedwa popanda ciongoladzanja. Akazi a cilimba ca malemu aja ndiwo anaiyamba pamudzipo, napempha wamasiyeyo kuti aziwalembera buku. Analinso m'komiti yothandiza kupeza mabanja osowa oyenera kulandira ndalama za Boma, nchito imene inayamba ku Kalomo mu 2003 nifalikira m'dziko lonse.

Mabungwe otere sali opanda cirema. Alipo asungicuma amene anadya za anzao, ndi akomiti olemba abale ao okha. Ilipo misonkhano yotha tsiku lonse popanda comanga. Akumigodi anakumana nazo zonsezi, ndipo kangapo anabwerera kunyumba atapsa mtima. Koma anaona kuti zoipazi zimakula kumene odziwa kuwerenga akhala patali. Mwambo wao unali wowerenga buku lonse mokweza pa msonkhano uli wonse, kuti ngakhale gogo wosadziwa cilembo amve za ndalama yace ndi makutu ace.

Atakalamba, maso ao anacita khungu, ndipo ndalama za ku migodi zinali zitatha kalekale. Ana ankatumiza pang'ono pa foni, koma foni siphika phala. Amai a mpingo anagawana masiku odzawaphikira, a kopaletivu anapalira munda wao, ndipo tsiku limene anadwala kwambiri thumba la ngozi ndilo linalipira galimoto wopita nao ku cipatala ca pa boma. Pamene anamwalira, adzukulu anali kumanda kusanace, ndipo panalibe wowatumira mau kawiri.

Mnyamata kapena mtsikana wotsiriza sukulu amalakalaka Chipata, Lusaka kapena Kitwe, ndipo palibe colakwa pamenepo. Koma kuli konse kumene apita adzapeza anthu osonkhana: mpingo, cilimba, gulu la alimi, bungwe la anthu a kwao lothandizana pa maliro. Alowe msanga asanaone bvuto, pakuti dzina lolembedwa pa tsiku la tsoka silikhala ndi mboni. Apite yekha ndi miyendo yace, osatuma mbale. Ndipo ngati anzace ampatsa buku kuti alembe, alandire ndi manja awiri, popeza maphunziro amene makolo anagulitsira mbuzi ndi mtedza ndiwo gawo lace loika m'bokosi la mudzi.

Mpanda wa Akumigodi unagwa mbali imodzi ndi mvula, ndipo mwini wace anakana kuumanganso. Njerwa zace anazipereka kwa akomiti ya madzi, amene anamangira nazo pocapira pa mjigo.