Malipenga Pamsewu wa US 31



Sabata ino tiyendere limodzi ulendo wa maola awiri ndi theka, kuchoka ku South Bend kupita ku Indianapolis, m'chigawo cha Indiana kuno ku America. Chandiyambitsa nkhaniyi ndi pepala limene linakhala patebulo kwathu milungu itatu osasainidwa. Mwana wanga wamkazi amaimba lipenga mu bandi ya kusekondale kwawo, ndipo tsiku lina anabwera nalo pepalalo nkhope ili ngwee. Gulu lawo likufuna kukaimba ku Ulaya chaka chamawa, ndipo akakatha kuimba azikayendera malo a mbiri yakale. Ndalama zake n'zoposa lendi ya miyezi iwiri. Mayi a kunyumba atawerenga anangoti, "Bambo, kodi kuimba n'kumene tinabwerera kuno?" Ine sindinayankhe, poti funso lomwelo linali mumtima mwanga.

Mwayi unapezeka mu Novembala. Aphunzitsi a bandi ankafuna makolo operekeza ana ku mpikisano wa Bands of America, umene umachitika chaka ndi chaka ku Indianapolis. Ndinapempha masiku awiri kuntchito. Ndinati ndikadzionere ndekha ulendo waung'onowu ndisanaweruze waukuluwo.

Tinanyamuka kusanache, kunja kukuzizira kolasa m'mafupa. Kutsogolo mabasi, kumbuyo lole yonyamula ng'oma, malipenga ndi mayunifolomu. Pothandiza kupakira ndinaona kuti pa malipenga angapo panalembedwa dzina la Elkhart. Tauni imeneyi, kum'mawa kwa South Bend, ambirife timaidziwa chifukwa cha mafakitale opanga nyumba zoyenda pamatayala, kumene abale athu ena amakagwira mashifiti. Sindinkadziwa kuti kuyambira zaka za m'ma 1870, pamene C.G. Conn anayamba ntchito yake, Elkhart wakhala akusula malipenga oimbidwa m'mayiko ambiri. Munthu ukhoza kukhala pamalo zaka khumi n'kumangodziwa njira ya kuntchito, ya kusitolo ndi ya kutchalitchi basi.

Msewu wa US 31 umaloza kum'mwera pamtunda wa makilomita pafupifupi 240. Dziko lake ndi lathyathyathya, lopanda ngakhale kaphiri koti diso lipumirepo. Uku ndi uku minda ya chimanga ndi soya, yokololedwa kale, mapesi okha ali mbwee. Mwana wa mlimi ukaona minda yotereyi mtima umathawira kumudzi. Ndinali m'maganizo amenewo pamene mphunzitsi anatenga chimkuzamawu, tikuyandikira Plymouth, n'kuuza ana kuti achotse zomvera m'makutu.

Anawafotokozera kuti dziko limene tikudutsali linali la anthu a mtundu wa Potawatomi. Mu Sepitembala 1838, asilikali anasonkhanitsa anthu oposa 850 pamudzi wa mfumu Menominee ku Twin Lakes, kufupi ndi Plymouth, n'kuwayendetsa mokakamiza mpaka ku Kansas, mtunda woposa makilomita 1,000. Anthu oposa 40 anafera m'njira, ambiri mwa iwo ana. Ulendowo mpaka lero umatchedwa njira ya imfa, ndipo unadutsa mkati mwa Rochester, tauni imene tinali kukaipitirira. M'basi munati zii. Mtsikana wina anafunsa ngati anthuwo anatheratu. Mphunzitsi anati ayi: a Pokagon, nthambi ina ya mtundu womwewo, anatsala ndipo alipo mpaka lero ku South Bend ndi kutsidya kwa malire ku Michigan. Ine ndadutsa msewu umenewu kambirimbiri popita ku maukwati ndi ku maliro a abale, koma ndinali ndisanamvepo zimenezi. Ndinazimvera m'basi ya ana asukulu.

Titapitirira Kokomo ndi Carmel, nyumba zitalizitali za Indianapolis zinayamba kuoneka. Mpikisano umachitikira mu Lucas Oil Stadium, bwalo lofolera limene linatsegulidwa mu 2008, kumene timu ya Colts imasewerera. Mabandi pafupifupi 100 ochokera m'zigawo zosiyanasiyana za dziko lino amasonkhana kwa masiku atatu, ndipo usiku wa Loweruka amatsala 12 okha olimbirana ulemu womaliza. Gulu lililonse limapatsidwa mphindi zowerengeka. Mphindi zimenezo ana amazikonzekera kuyambira m'chilimwe, akuguba padzuwa pamalo oimika magalimoto kusukulu kwawo, aliyense akuloweza pamene phazi lake liyenera kuponda.

Ana athu atalowa m'bwalo, mizere ili tayale, ng'oma n'kugunda, ndinadzidzimuka ndi chinthu chimodzi: izi ine ndimazidziwa. Uyu ndi mganda. Awa ndi malipenga a ku Nkhata Bay, uyu ndi beni wa ku Mangochi. Magule amenewa anakula kwathu pambuyo pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918, anthu atatengera kuguba ndi mabandi a asilikali n'kuzisandutsa zawozawo, zikho n'kukhala malipenga, yunifolomu yoyera yositidwa bwino. Ndipo amene munakulira ku Dowa, ku Ntchisi kapena ku Kasungu mukukumbukira kuti mganda sunkavinidwa pamudzi pako pokha. Akatha kukolola, gulu linkanyamuka kupita kumudzi wina, eni mudzi n'kuphika, alendo n'kugona konko, chaka china eni mudziwo n'kudzabweza ulendo. Anyamata ambiri anaona koyamba mtsinje wina, msika wina, ndi mfumu ina chifukwa chonyamula badza. Palibe kholo linkati mwana akukataya nthawi. Tinkadziwa kuti gule amakula ndi kuyenda, ndipo wovina amabwerako atachenjerako.

Gulu lathu silinafike kumapeto. Ena analira pang'ono, kenako njala inawaiwalitsa. M'mawa mwake aphunzitsi anawatenga kukaona mzinda.

Tinayambira pa Monument Circle, pakatikati pa Indianapolis, pamene pali chipilala chotalika mamita pafupifupi 87, chimene chinaperekedwa mu 1902 pokumbukira asilikali a ku Indiana. Apo ana anangojambulana zithunzi. Pamene mitima inagwidwa ndi pa Indiana Avenue. Msewu umenewu unali mtima wa anthu akuda a mumzindawu m'masiku a tsankho, wodzaza masitolo, matchalitchi ndi nyumba zoimbiramo jazi. Zambiri zinagumulidwa pomanga misewu ikuluikulu ndi yunivesite, koma nyumba ya Madam C.J. Walker, imene inatsegulidwa mu 1927, idakaima pamphambano. Mayiyu anabadwa mu 1867 kwa makolo amene anali akapolo, anagwirapo ntchito yochapa zovala za anthu, ndipo mu 1910 anasamutsira ku Indianapolis bizinesi yake ya mafuta a tsitsi, imene inalemba ntchito amayi akuda zikwizikwi. Ndinakumbukira alongo athu amene akatuluka shifiti yosamalira okalamba amakaluka anthu tsitsi kuti atumize fizi kumudzi.

Chapafupi pomwepo pali sukulu ya Crispus Attucks. Inatsegulidwa mu 1927 n'cholinga chopatula ana akuda kwa ana a azungu, m'zaka zimene gulu la Ku Klux Klan linali ndi mphamvu zambiri ku Indiana. Ofuna kupatula aja sanadziwe chimene akufesa. Aphunzitsi akuda ophunzira kwambiri, amene sankaloledwa kuphunzitsa kwina, anasonkhana pamenepo, ndipo m'makalasi awo a nyimbo munatuluka akatswiri monga J.J. Johnson, mmodzi wa oimba thiromboni otchuka m'mbiri ya jazi, ndi David Baker, amene anakakhazikitsa maphunziro a jazi ku Indiana University. Mwana wanga anaima nthawi yaitali akuyang'ana khomo la sukuluyo. Pobwerera kubasi anandigwira mkono n'kunena kuti, "Adadi, nyimbo ya Johnson tinaiphunzira chaka chatha. Sindinkadziwa kuti anali wa konkuno." Zimene buku linalephera kumuuza, njerwa zinamuuza.

Tinadutsanso pa nyumba yakale ya mpingo wa Bethel AME, umene unayamba mu 1836. Dzina la AME linandikumbutsa nkhani imene abale a ku Johannesburg muyenera kuidziwa, poti ambiri mwa inu mwagonapo kapena mwazondapo odwala pa chipatala cha Charlotte Maxeke. Mayi ameneyu, akadali mtsikana wotchedwa Charlotte Manye, anali m'kwaya ya achinyamata a ku South Africa imene inapita ku Britain mu 1891 n'kukaimba pamaso pa Mfumukazi Victoria. Ulendo wachiwiri unawafikitsa ku America, ndipo kumeneko zinthu zinasokonekera: ndalama zinatha, oimbawo n'kusiyidwa padzuwa kudziko la eni. Anawatola ndi a mpingo wa AME, amene anawapezera malo pa yunivesite ya Wilberforce ku Ohio, chigawo choyandikana ndi Indiana. Charlotte anabwerera kwawo ali mayi wakuda woyamba wa ku South Africa kukhala ndi digiri, ndipo mu 1918 anatsogolera kukhazikitsa Bantu Women's League. Anachoka kwawo ndi mawu oimbira okha.

Nkhani ya Charlotte ili ndi mbali ziwiri, ndipo kholo liyenera kuziona zonse. Ulendo wa nyimbo umatsegula zitseko, komanso mwana akhoza kusiyidwa padzuwa. Kuno ku Indiana maulendo otere si achilendo. Indianapolis Children's Choir, imene Henry Leck anaiyambitsa mu 1986, yakhala ikutenga ana kukaimba kumayiko akunja, ndipo Glee Club ya ku Notre Dame, ya pakhomo pathu pomwe ku South Bend, yakhala ikuimba kuyambira 1915 ndipo nayonso imawoloka nyanja. Anzathu obadwira konkuno amangosaina. Ife tili ndi mafunso ena owonjezera, ndipo tisachite nawo manyazi. Funsani amene akuyendetsa ulendo, chiwerengero cha akuluakulu operekeza, kumene ana azikagona, ndi chimene chidzachitike ndi ndalama zanu ulendo ukalephereka. Mwana wobadwira kuno amene sanakwane zaka 16 amafunika chilolezo cha makolo onse awiri kuti apeze pasipoti ya America, choncho yambani msanga, makamaka ngati kholo lina lili kumudzi. Koposa zonse, ngati mapepala a mwana okhalira m'dziko muno sanalongosoke, musamulole kutuluka musanafunse loya wodziwa za olowa ndi otuluka, chifukwa kutuluka n'kosavuta koma khomo lobwerera likhoza kutsekeka. Mwana wotere asaone ngati watsalira. Indianapolis ali pompa, Chicago ali pompa, ndipo mwaona nokha zimene msewu umodzi wokha unatiphunzitsa.

Malo omaliza tisanakwere basi anali paki ya Dr. Martin Luther King Jr., pamene Robert Kennedy anaima pa lole usiku wa pa 4 Epulo 1968 n'kuuza khamu la anthu kuti King waphedwa ku Memphis. Mizinda yambiri inayaka moto masiku amenewo, koma Indianapolis anakhala bata. Lero pamalopo pali zifanizo za amuna awiriwo, wina uku wina uku, atatambasulirana manja.

Tinafika ku South Bend usiku, ana ali mtulo, mitu itatsamirana. Lamulungu masana mwana wanga anandikokera pakati pa tauni, pa Leighton Plaza, kukandionetsa chifanizo chimene ndakhala ndikuchipitirira pagalimoto osachilabadira. Ndi King yemweyo, atagwirana manja ndi Bambo Theodore Hesburgh, wansembe amene anatsogolera Notre Dame zaka 35. Anachiumba potengera chithunzi cha mu 1964 pa bwalo la Soldier Field ku Chicago. "Taonani pakamwa pawo, adadi," anatero. "Akuimba." Ulendo wa masiku awiri unamutsegula maso ngakhale pa tauni yake yomwe, ndipo tsopano ndi iye amene ankandilondolera njira.

Madzulo amenewo tinakhala pansi ndi mayi ake. Ndinawafotokozera zonse, kuyambira pa Plymouth mpaka pa khomo la Attucks. Anakhala chete, kenako anati ndalama za chipereganyu zikadzafika kwa ife mu Malichi tidziwe kolowera. Pepala lija tinasaina tonse awiri. Tinamuikira mwanayo malamulo awiri okha. Loyamba, malo aliwonse amene akaimbe afunse kuti pamenepo pankakhala ndani, ndipo alembe m'kope kuti adzatiwerengere. Lachiwiri, asananyamuke aimbire foni agogo ake kumudzi kuti amuphunzitse nyimbo imodzi ya kwathu mpaka ailoweze. Wa mganda sapita kumudzi wa eni chimanjamanja. Anzake a kumeneko akadzamufunsa kuti kwanu kwenikweni n'kuti, adzakhale ndi choyankha.

Abale, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Mwina pampingo panu pali mwana amene ali ndi pepala lotere m'chikwama, akuopa kulitulutsa poona mmene makolo ake amabwerera otopa kuntchito. Mufunseni. Ngati akugulitsa timaswiti kapena kutsuka magalimoto posonkhetsa ndalama za bandi kapena za kwaya, musamupitirire. Ndipo aphunzitsi akadzafuna makolo operekeza, pemphani tsiku limodzi kuntchito mukwere nawo basi, mukhale pafupi ndi zenera.

Muyende bwino sabata ino, inu ndi ana anu. Mtendere.