Nzeru ya 1960 imene ili pa nsanja ya netiweki

Inu anzathu a m'tauni mumakonda kunena kuti kafukufuku wa ku yunivesite amathera m'shelefu, kudyedwa ndi chiswe. Ife ogwira ntchito yodzipereka pa wailesi kuno ku Chadiza sitivomereza msanga, chifukwa tsiku lililonse timagwira zipangizo zimene zinayamba ngati pepala la munthu wina wofufuza.

Tiyambe ndi mita ya malaiti ija mumalowetsamo mayunitsi. Mkati mwake muli kakompyuta kakang'ono kodziwa ntchito imodzi basi: kuwerenga ndi kudula. Akatswiri amati embedded system. Kali m'kabokosi koyang'anira batire ya sola, kali m'motoka, kalinso m'makina athu oulutsira mawu. Simukaona, koma kakafa zonse zaima.

Chip yopangidwira ntchito imodzi ili ngati mtondo: unasemedwa kuti uzisinja, sungasanduke mpando wa mfumu. Mu 1960, Gerald Estrin, mphunzitsi wa pa yunivesite ya UCLA ku America, analemba za kompyuta ya mbali ziwiri, ina yokhazikika, ina yotheka kuilumikiza mwatsopano malinga ndi ntchito imene yabwera. Ngati munda: chaka chino chimanga, chaka chamawa nshawa, nthaka ndi yomweyo. Zida za nthawi imeneyo zinali zazikulu ndiponso zodula, choncho nzeruyo sinafalikire. Akanakhala wa kwathu, bwenzi anthu akunena kuti mkuluyu anangotaya nthawi.

Panapita zaka 25. Ross Freeman ndi anzake anayambitsa kampani ya Xilinx mu 1984, ndipo mu 1985 anatulutsa chip yotchedwa XC2064, ya tizigawo 64 tolumikizidwa ndi pulogalamu osati ndi waya wowotcherera. Mtundu umenewu umatchedwa FPGA. Freeman anamwalira mu 1989 ali ndi zaka 41, asanaone kumene chinthu chake chidzafike. Mu 2015 Intel inagula Altera, mpikisani wa Xilinx, pa madola 16.7 biliyoni, ndipo AMD inagula Xilinx mu 2022. Lero ma FPGA ali m'zida zambiri za pa nsanja za netiweki ya mafoni, chifukwa njira zotumizira mawu zikasintha, kampani imasintha pulogalamu m'malo mogula bokosi latsopano. Ndiye mukatumiza ndalama pa foni kwa agogo kuno kumudzi, n'kutheka kuti uthengawo wadutsa m'nzeru ya Estrin.

Chimene chimatikhudza kwambiri chili pafupi ndi ife, ku South Africa. M'chipululu cha Karoo muli MeerKAT, mbale 64 zomvetsera mafunde a wailesi ochokera kuthambo, zimene anazitsegulira mu 2018. Inde, nayonso ndi wailesi, kungoti omvera ake amatchera khutu ku nyenyezi. Mafunde amabwera ochuluka moti kompyuta wamba singawameze, ndiye poimanga anakonza zoti aziyamba kudutsa m'mabolodi a FPGA otchedwa SKARAB, opangidwa ku South Africa konko. MeerKAT ndi kalambulabwalo wa ntchito yaikulu ya SKA, ndipo Zambia ili pa mndandanda wa maiko 8 a mu Africa ogwirizana ndi South Africa pa ntchitoyi, pamodzi ndi Mozambique, woyandikana ndi boma lathu lino.

Funso lathu ndi lakuti, mbale zotere zikadzaimikidwa pa nthaka ya Zambia, mwana wa kuno adzakhala wolemba pulogalamu ya chip, kapena mlonda wa pageti? Ulonda si ntchito yonyozeka, koma tatopa kuona bokosi likafa tikudikira munthu wochokera ku Lusaka, nthawi zina sabata yathunthu, wailesi ili zii, alimi osamva mitengo ya soya, achibale osamva za maliro.

UNZA ndi Copperbelt University amaphunzitsa uinjiniya wa zamagetsi, ndipo ena mwa inu muli komweko. Ena muli m'timashopu tokonzera mafoni ku Chipata ndi ku Lusaka, manja anazolowera kale kuwotcherera tizida tosaoneka bwino ndi maso. Kabolodi kakang'ono ka FPGA kophunzirira kamagulidwa pa intaneti motchipa kuposa foni ya touch imene mukuwerengerapo nkhaniyi. Chovuta ndi laputopu, malaiti osathimathima, ndi munthu woti akusonyezeni poyambira. Amene munakagwirapo kale, tiuzeni. Tili ndi mpata pa pulogalamu ya achinyamata, ndipo maikolofoni alipo awiri.