Gule wa Ballet Wophunziridwa Kutali

Mwa magule onse a pa dziko lapansi, ndi ochepa amene afuna zaka zambiri za maphunziro monga gule wotchedwa ballet. Dzinali ndi la Chifalansa, ndipo politchula chilembo chotsiriza sichimveka. Guleyu anayambira m'nyumba za mafumu a ku Italy, nakulira ku France, kumene Mfumu Louis XIV inakhazikitsa bungwe la akatswiri a gule m'chaka cha 1661. Nchifukwa chake maina a mapondedwe ake ali a Chifalansa, ngakhale wophunzirayo akhale ku Russia, ku Japan kapena ku Nigeria.

Wophunzira ayamba ali mwana. Tsiku ndi tsiku aima pafupi ndi mtengo wopingasa wokhomedwa kukhoma, naugwira ndi dzanja limodzi, napinda maondo, natambasula phazi, nabwereza zomwezo kufikira thupi litazolowera. Maimidwe a mapazi alipo asanu, ndipo gule yense amangidwa pa asanuwo, monga mau athu amangidwa pa a, e, i, o, u.

Ku Ajangbadi, dera la anthu wamba mu mzinda wa Lagos ku Nigeria, kunali mnyamata dzina lake Anthony Madu amene anakonda gule ameneyu. Mphunzitsi wake, Daniel Ajala, sanaphunzire guleyu kusukulu iliyonse. Iye anauona koyamba m'kanema, nayamba kudziphunzitsa yekha poyang'ana zithunzi zoyenda za pa YouTube. M'chaka cha 2017 anatsegula sukulu yotchedwa Leap of Dance Academy m'nyumba mwake momwe, ndipo ana sanali kulipira kanthu. Anthu ambiri kumeneko anali kuganiza kuti ballet ndi gule wa atsikana, kotero kuti Anthony anasekedwa ndi anzake. Koma sanaleke.

Tsono m'chaka cha 2020 kunagwa mliri wa Covid-19. Maboma analetsa anthu kusonkhana, ndipo sukulu za gule m'maiko ambiri zinatseka zitseko. Wovina ballet sangakhale miyezi osaphunzira, pakuti minofu iuma msanga ndipo zimene anapeza m'zaka zambiri ziyamba kutha. Motero aphunzitsi anayamba kuphunzitsa pa intaneti, makamaka pa Zoom. Mphunzitsi anali kuima kwawo pamaso pa kompyuta, ophunzira naima kwawo aliyense pamaso pa kompyuta kapena foni yake, onse naonana ndi kumvana nthawi yomweyo. Ana a ku London ndi ku New York anagwira mipando ndi matebulo a m'khitchini m'malo mwa mtengo wa kukhoma uja.

Apa panali chinthu chodabwitsa. Mliri usanadze, mwana wa ku Lagos wofuna kuphunzira ku New York anayenera kupeza ndalama za ndege, chiphaso cha ulendo ndi malo ogona. Koma pamene sukulu zinatsekedwa, mwana wokhala pafupi ndi sukulu ndi mwana wokhala kutsidya la nyanja anafanana: onse awiri anali kachithunzi kakang'ono pa galasi la mphunzitsi.

M'mwezi wa June chaka chomwecho, Anthony ali ndi zaka 11, anajambulidwa akuvina panja mvula ili kugwa, wopanda nsapato, akuzungulira ndi kulumpha pa simenti yonyowa. Chithunzicho chinaikidwa pa intaneti, ndipo anthu mamiliyoni anachiona. Mmodzi wa iwo anali Cynthia Harvey, amene kale anali wovina wotchuka, ndipo nthawi imeneyo anali mkulu wa sukulu ya American Ballet Theatre ku New York. Mayiyu anafunafuna mnyamatayo nampatsa malo aulere pa maphunziro a masabata atatu a pa intaneti, nakonzanso kuti intanetiyo imfikire.

Munthu angayese kuti pamenepo zonse zinatheka. Iai, kuphunzira gule kutali kuli ndi zovuta zimene ngakhale mwana wakhama sangazichotse. Chachikulu ndi ichi, kuti dzanja la mphunzitsi silingapyole galasi. M'chipinda cha gule mphunzitsi ayendayenda pakati pa ana ake. Akaona phewa litakwera, aligwira nalitsitsa. Akaona bondo litapendekera mkati, alikankha pang'ono, ndipo mwana amva m'thupi mwake pamene payenera. Koma pa galasi mphunzitsi aona mbali imodzi yokha. Nthawi zina aona mutu, mapazi osaoneka. Mwana akabwerera m'mbuyo kuti thupi lonse lioneke, achepa ngati chala. Tsono cholakwa chimene sichinaoneke chibwerezedwa lero, mawa ndi mkuja, kufikira chitakhala chizolowezi. Akuluakulu anati kuongola mtengo mpoyamba, ndipo phazi lozolowera kupendeka livuta kuliongola koposa phazi limene silinaphunzire konse.

Nyimbo nazonso zisokoneza. Mau oyenda pa intaneti afika mochedwa pang'ono, kotero kuti mphunzitsi aona ana khumi akukweza mwendo aliyense pa nthawi yake, ndipo sangadziwe ngati wachedwa ndi mwana kapena makina. Ku Lagos magetsi amazimazima. Ndiponso m'miyezi imeneyo nthawi ya ku Lagos itsogola ndi maola asanu, kotero kuti phunziro la m'mawa ku New York lipeza mwana wa ku Nigeria dzuwa litapendeka.

Ndipo pali nkhani ya pansi. M'sukulu zazikulu pansi amangapo ndi matabwa onyamulidwa pang'ono, amene amafewa munthu akatera. Simenti sifewa. Wolumpha pa simenti tsiku ndi tsiku apweteka misongolo, maondo ndi msana, ndipo chifukwa cha ichi aphunzitsi ambiri analetsa ana awo kulumpha kwambiri kunyumba. Simenti yonyowa ija, imene anthu mamiliyoni anaikonda m'chithunzi cha Anthony, ndiyo imene mphunzitsi wodziwa akanaiopa koposa.

Wophunzira wa kunyumba ayenera tsono kukhala mlonda wa thupi lake. Palibe womuona akafupikitsa ntchito, palibe mnzake wa pambali womchititsa manyazi akatopa msanga. Ayenera kumva langizo loperekedwa kwa mwana wina wa kudziko lina, nadzifunsa ngati cholakwacho chilinso mwa iye. Imeneyi ndi ntchito yolemera kwa mwana wa zaka 11, ndipo ambiri angaitaye.

A ku New York anachita mwanzeru pa chinthu chimodzi: sanathandize mwana yekha. Anapatsanso Daniel Ajala malo pa maphunziro awo a aphunzitsi, nawonso a pa intaneti. Anadziwa kuti munthu woima m'chipinda chimodzi ndi Anthony, wokhoza kugwira phewa ndi kuongola bondo, ndi iyeyo. Ndipo zimene iye anaphunzira zinafikanso kwa ana ena a ku Ajangbadi amene sanajambulidwe pa mvula.

Komabe maphunziro a kutali anali ndi polekezera. Kuti afike pa ukatswiri, Anthony anasowa pansi pa matabwa, chipinda chachikulu chothamangamo, ndi anzake ovina nawo, pakuti mwamuna m'guleyu aphunziranso kunyamula mkazi, ndipo zimenezo sizitheka pa galasi. M'chaka cha 2021 analandira malo ku Elmhurst Ballet School mu mzinda wa Birmingham ku England. Anasiya amake ndi abale ake ali ndi zaka 12, napita kukagona kusukulu m'dziko lozizira, pakati pa anthu a malankhulidwe ndi zakudya zachilendo. Za ulendo umenewo anakonza kanema wotchedwa Madu, amene anatuluka m'chaka cha 2024. Daniel Ajala anatsala ku Lagos ndi ana enawo.