Sitiroko siithera tsiku loyamba

Lero tikambirane za masiku asanu oyambirira munthu akadwala sitiroko. Ambiri timaganiza kuti zonse zimaonongeka nthawi yomwe munthu wagwa, kamwa yapotoka, dzanja lalefuka. Ayi ndithu. Ubongo umapitiriza kuvulala kwa masiku angapo, ndipo zomwe achibale mumachita masiku amenewa zimathandiza kapena kuonjezera vuto.

Sitiroko zambiri, pafupifupi 85 pa 100 zilizonse, zimabwera magazi oundana akatseka mtsempha wa mu ubongo. Taganizani dimba lomwe ngalande yake yatsekeka. Mbewu zina zimauma msanga, koma zina zimangofota ndipo zingathe kutsitsimuka. Mu ubongo ndi chimodzimodzi. Tsono thupi limatumiza asilikali ake pamalo povulalapo, ndipo pamatupa ngati chala chomenyedwa ndi hamala. Chala chili ndi malo otupira, koma ubongo uli m'chibade cholimba. Kutupako kumakula kwambiri kuyambira tsiku lachiwiri mpaka lachisanu, n'kumafinya mbali zomwe zikanapulumuka.

Mu wodi ndaziona kangapo. Agogo afika akulankhulako pang'ono, mawa lake achibale akupempha kuti awatenge akayesere kwina. Tsiku lachitatu agogo aja akungogona, kuwadzutsa sakudzuka bwino. Panja anthu ayamba kulozana zala kuti alipo wawalodza, pomwe ndi ubongo womwe watupa.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi phala. Kwathu kuno wodwala akapanda kudya timaona ngati tamutaya, ndiye mwana wamkazi amawatsamiritsa amayi ake pachifuwa n'kumawathira phala ndi supuni. Ndi chikondi chenicheni. Koma sitiroko imafooketsanso minofu yomezera. Phala lija limatha kulowa m'mapapo, nthawi zina wodwala osatsokomola n'komwe. Kenako chibayo, thupi kutentha, mpweya kuchepa m'magazi. Zonsezi zimapha mbali za ubongo zomwe zinangofota zija.

Ndiye chonde, gwirani izi:

Mukaona kamwa yapotoka, dzanja kapena mwendo walefuka, kapena mawu sakumveka, thamangani naye kuchipatala nthawi yomweyo. Kumbukirani ola lomwe zayamba, adokotala akakufunsani.

Musamupatse chilichonse pakamwa, ngakhale madzi, mpaka namwino atayesa ngati akumeza bwino. Tikanena zomuika kapaipi ka m'mphuno musakane, sikapha munthu. Ndi njira yoti adye osatsamwa.

Musamugulire Brufen kapena Indocid kugolosale poganiza kuti achotsa kutupa. Kutupa kwa mu ubongo sikutha ndi mankhwala amenewa. Aspirin nayenso dikirani adokotala, chifukwa sitiroko zina zimabwera mtsempha ukaphulika, ndipo aspirin angaonjezere kutaya magazi. Chomwe chimasiyanitsa mitundu iwiriyi ndi makina ojambula mutu a CT scan, omwe amapezeka m'zipatala zikuluzikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe.

Inu agadiyani, gwirani chipumi chake pafupipafupi. Thupi likatentha tiuzeni msanga. Shuga wokwera kwambiri amaonjezeranso kuvulala kwa ubongo, choncho tiloleni timuyeze, ndipo zakumwa zotsekemera dikirani kaye. Podya kapena pomwa, mutu ndi chifuwa zikhale zokwera. Mutembenuzeni maola awiri alionse kuti asachite zilonda.

Akayamba kugona kwambiri, kusanza kapena kudandaula mutu, musati akupuma. Itanani namwino, ngakhale pakati pa usiku.

Ndikudziwa kuti kukhala kuchipatala masiku asanu ndi ndalama, kumunda kukuima, ana ali okha kunyumba. Koma masiku amenewa angathe kusiyanitsa mayi wodzayendanso ndi ndodo kupita kutchalitchi ndi mayi wodzanyamulidwa moyo wake wonse. Pirirani, sinthanani pachibale.

Ndipo inu omwe muli bwino lero, kayezetseni BP ndi shuga sabata ino. Amene muli pa mankhwala a BP kapena ma ARV, musadumphitse.