Kwa Biwi, kumene bawuti imodzi imadya tsiku lathunthu

Mu Lilongwe dera lililonse lili ndi mbiri yake. Ukafuna bedi kapena mipando, anthu amakulozera ku Mchesi. Ukafuna kaunjika, umatsetserekera kumsika wa Tsoka, m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe. Koma galimoto ikayamba kulira mosadziwika bwino, aliyense amakuuza chimodzimodzi: pita nayo kwa Biwi.

Malowa, omwe ambiri amawatchula kuti Biwi Triangle, ali kufupi ndi msewu wa M1 wolowera ku Dedza ndi Blantyre, moyandikana ndi Mchesi ndi Kawale. Kuchokera ku depoti si patali, pa kabaza wa njinga yamoto ndi mphindi zochepa chabe. Chimene chimayamba kukulandira ndi phokoso: hamala ikumenya chitsulo, galayinda ikulira, injini ikuyesedwa. Dothi lake ndi lakuda ndi oyilo wa zaka zambiri. Uku kuli mashopu a masipeya, uko kuli zitseko ndi mabampa a galimoto zophwasulidwa atasanjikizidwa ngati nkhuni. Usanaime n'komwe, anyamata ovala maovolosi afika kale pawindo: "Bwana, yatani galimotoyi?"

Ine ndinapitako Loweruka lina ndi msuweni wanga amene amayendetsa Toyota Sienta ngati takisi. Galimoto yake inkamveka kuti tch-tch-tch akangoiliza m'mawa, kenako phokosolo linkachepa injini ikatentha. Mafuta ankathanso msanga, ndipo akaima pa loboti m'galimotomo munkalowa fungo la utsi. Ankaganiza kuti ndi ntchito ya ola limodzi. Tinachokako dzuwa litapendeka.

Vuto limayambira kutali

Makaniko amene tinamupeza, bambo wachikulire wosalankhulalankhula, sanachedwe kupeza chovuta. Anatisonyeza mwaye wakuda pamene ekizozi imalumikizana ndi injini. Pamalopo pali chitsulo chotchedwa manifold, chimene chimasonkhanitsa utsi wochokera m'masilinda onse n'kuulowetsa mupaipi imodzi. Anyamata okonda liwiro amachichotsa n'kuikapo mapaipi otchedwa headers kuti utsi uzituluka mosavuta. Kaya ndi manifold kaya headers, zonse zimamangidwa ku silinda hedi ndi masitadi, omwe ndi mabawuti opanda mutu, ndipo kunja kwake kumakhala manati. Manifold ya msuweni wangayo inali itang'aluka, gasiketi itapsa. Zinkafunika kusintha basi.

Koma kuti zimenezi zichoke, manati amasuke kaye. Apa ndi pamene pagona nkhani.

Mabawuti a ekizozi amakhala moyo wovuta kuposa ena onse m'galimoto. Utsi wa injini ya petulo umatentha mpaka kupitirira madigiri 600. Injini ikazima, chitsulo chimazizira n'kubwerera. Kutentha, kuzizira, kutentha, kuzizira, tsiku ndi tsiku kwa zaka khumi kapena kuposerapo. Onjezerani apo kuti masitadi ndi achitsulo pamene hedi ya galimoto zambiri za masiku ano ndi ya aluminiyamu. Zitsulo ziwirizi zikakhudzana pamalo achinyezi zimadyana, mapeto ake zimamatirirana ngati zinabadwa pamodzi.

Dzimbiri lina timachita kuitanitsa. Galimoto zambiri zimene timayendera ndi zogwiritsidwa kale ntchito ku Japan. Kumeneko galimoto yatsopano imakayezedwa ikatha zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo kuyezetsako n'kokwera mtengo, moti ambiri amangogulitsa. M'madera ozizira ngati Hokkaido amathira mchere m'misewu kuti madzi oundana asungunuke, monganso amachitira ku United Kingdom. Mcherewo umamatirira kunsi kwa galimoto. Kenako galimotoyo imakwera sitima, kutsikira pa Dar es Salaam, kulowa m'dziko muno pa Songwe. Pachithunzi cha pa foni imawala bwino, koma kunsi kwake munthu sunakuone.

Mphamvu si nzeru

Chinandidabwitsa n'choti bambo aja sanayambe ndi sipanala. Anayamba ndi bulashi ya waya, kupala dzimbiri pa nati iliyonse. Kenako anapopera mafuta ofewetsa dzimbiri, aja ambiri timangowatchula kuti WD-40, n'kugogoda pang'onopang'ono ndi hamala kuti mafutawo alowe m'mazinga. Atatero anasamba m'manja n'kupita kukaona galimoto ina.

Msuweni wanga anayamba kuyang'ana nthawi pa foni. Kwa munthu wa takisi, ola lililonse galimoto itaima ndi ndalama yotayika. "Bambo, bwanji osangokoka ndi mphamvu?" anafunsa. Iwo anangoseka, n'kunena kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Atabwerera anasankha soketi ya 12, ya makona asanu ndi limodzi. Anandifotokozera kuti ya makona khumi ndi awiri imagwira nsonga zokha, ndipo pa nati yadzimbiri imangoterereka n'kuisandutsa yobulungira. Chodabwitsa china, asanamasule ankayamba alimbitsa pang'ono kwambiri kuti dzimbiri lisweke, kenako n'kubweza. Nati ikasuntha pang'ono, ankaibwezeranso, kupoperanso mafuta, n'kuyambiranso. Kutsogolo, kumbuyo, kutsogolo, kumbuyo.

Malo ake analinso opanikiza. Pa injini ya 1NZ-FE, imene ili mu Sienta zambiri komanso Probox ndi Corolla Axio, ekizozi ili kumbuyo kwa injini, mbali yoyang'ana kwa dalaivala. Dzanja limalowa movutikira, ndipo zina umachita kugona pansi pa galimoto.

Manati ena anamasuka ndi mafuta okha. Ina inafuna moto. Mnyamata wophunzira ntchito anakoka mabotolo a gasi, bamboyo n'kuwotcha nati mpaka kufiira. Nati ikatentha imafutukuka msanga kuposa sitadi imene ili mkati mwake, ndiye imalekerera. Koma motowo suponyedwa chisawawa. Aluminiyamu imasungunuka pa madigiri 660 okha, ndipo sifiira kukuchenjeza ngati chitsulo. Pafupi palinso mawaya ndi mapaipi a mafuta. N'chifukwa chake anatchinga ndi kachidutswa ka lata, mnyamata uja ataima pambali ndi chozimitsira moto.

Ikathyoka

Yomaliza ndi imene inatigwetsa ulesi. Inangomveka kuti thapu! Sitadi inali itathyokera mkati, molingana ndi hedi, popanda pogwira. Msuweni wanga anagwira m'mutu. Bamboyo sanatekeseke. Anati ntchito ya ekizozi yopanda sitadi yothyoka ndi mwayi chabe.

Anandiwerengera njira zake motsatana. Sitadi ikathyoka n'kutsala kachitsa kotulukira kunja, amaigwira ndi pulayala yokhoma ija ya vice grip. Ngati mazinga atsalako, amamangapo manati awiri molimbitsana n'kupotokola yamkatiyo. Ikathyokera molingana ndi hedi, amaitana wowotcherera.

Asanawotcherere anachotsa kaye mawaya a batire, chifukwa magetsi a makina owotcherera angathe kuwononga kompyuta ya galimoto. Wowotchererayo anaika washala pamwamba pa sitadi yothyokayo n'kuiwotcherera, kenako anawotchereranso nati pamwamba pa washalayo. Nzeru yake ili pawiri. Choyamba, sitadi yapeza mutu watsopano wogwira ndi sipanala. Chachiwiri, kutentha kumalowa m'sitadimo n'kuswa dzimbiri. Ndipo chitsulo chowotchereracho sichigwira pa aluminiyamu, choncho hedi siwonongeka ngati dzanja lili lodekha.

Nati yoyamba inathothoka. Anawotchereranso ina, n'kudikira kuti izizire. Ulendo wachiwiriwu sitadi inalira kuti kwii, n'kuyamba kuzungulira. Anyamata a galaja yoyandikana nayo, amene anabwera kudzaonerera, anaimba malikhweru ngati Silver Strikers yagoletsa.

Ikanakanika apa, ikanatsala njira imene amakaniko ambiri amaiopa: kubowola. Amadinda kaye pakati penipeni ndi panchi, n'kubowola mowongoka, kuyamba ndi kachitsulo kakang'ono. Ena amalowetsamo chozulira chotchedwa extractor, koma nacho chikathyokera momwemo ndiye kwada, poti n'cholimba kuposa zobowolera wamba. Ukapotoza dzanja wadya mazinga a hedi, ndipo pamafunika kudula ena kapena kuikamo Helicoil. Ukapitirira kuya ungabowole njira ya madzi oziziritsa injini. Zikatero hedi yonse itsike, ndipo ntchito ya kabawuti kamodzi yasanduka ya malipiro a mwezi.

Musanyalanyaze kaphokosoko

Mwina mukuti, aaa, nanga si galimoto ikuyendabe? Inde ikuyenda. Koma ekizozi ikamatayira pafupi ndi injini, mpweya wakunja umalowerera, sensa ya okosijeni n'kuuza kompyuta zabodza, kompyutayo n'kumathira mafuta ochuluka. Choopsa kwambiri ndi mpweya wa carbon monoxide, umene ulibe mtundu kapena fungo. Ukalowa m'galimoto yotseka mawindo umayambitsa mutu, chizungulire ndi tulo, ndipo ukachuluka umapha. Akuluakulu anati tsoka silinunkha. Taganizirani Sienta yodzaza ana a sukulu m'mawa wozizira wa mu June, mawindo onse atatseka.

Ngati mukupita ndi galimoto yanu kwa Biwi, kapena ku Ndirande kwa inu a ku Blantyre, pitani m'mawa ndipo musakhale ndi pulogalamu ina. Mukatha kutero, poperani mafuta aja pa manati dzulo lake injini itazizira. Gwirizanani mtengo ntchito isanayambe, ndipo funsani mosapsatira kuti sitadi ikathyoka zikhala bwanji. Gulani gasiketi, masitadi ndi manati atsopano, osabwezeretsa akale. Pomanga, onetsetsani kuti apaka girisi wa kopa m'mazinga, ndipo akulimbitsa kuyambira pakati kupita kunja, pang'onopang'ono, osati nati imodzi mpaka kumapeto. Njala ikakupezani musadandaule, chiwaya cha tchipisi sichisowa pamalopo.

Ena mwa anyamata a kwa Biwi anadutsa ku Lilongwe Technical College, koma ambiri anaphunzirira pomwepo, kuyamba ndi kutsuka masipeya ndi kupatsira masipanala. Ife amene tinakhala zaka zinayi ku yunivesite timafulumira kuwatchula kuti amakaniko a pansi pa mtengo. Komatu galimoto zakale zimene dziko lino limadalira, maminibasi, matakisi ndi malole onyamula chimanga, zikuyendabe chifukwa cha manja amenewa. Tsiku lina mukadzaona makaniko wapopera mafuta n'kukhala pansi, musadzati ndi ulesi. Mugulireni Fanta, mukhale naye pansi, mudikire limodzi.